A Ambrose ndi Malikisi a Njira

Chimene sindinamvetse mpaka lero pa a Ambrose Mulipa ndi ichi: munthu amene anakalambira kuphunzitsa masamu kwa ophunzira zoyendetsa sitima zapamadzi, atapuma ntchito sankafuna ngakhale kuona mtsinje. Minibasi ikamawoloka Shire pa Liwonde, iwo ankayang'ana nsapato zawo.

Anabwerera ku Nsanama akazi awo atamwalira, nakakhala kwa mlongo wawo, a Martina. Ankalima nandolo, Lamulungu n'kumapita ku Misa yoyamba. A Martina okha ndiwo ankadziwako chimene chinkawadya. Kukoleji kumene ankaphunzitsa kunali mwambo wa aphunzitsi onse a masamu: wophunzira akalondola njira bwino koma n'kuphonya yankho, ankapatsidwabe malikisi a njirayo. Uladi, wophunzira wawo wochokera kunyanja ya Chiuta, anakhoza motero. Njira ankaidziwa, koma kadontho ka pakati pa manambala kankamusokonekera. Patapita zaka, boti la anthu ndi katundu limene Uladi ankayendetsa linapendekeka n'kumira naye. Ofufuza anati unali mwera. A Ambrose sanatsutse. Anangosiya kudya nsomba.

Ndiye chaka china Cathy, mwana wa a Martina, amene ankaphunzira zomwezo za sitima kuyunivesite, anabwera kutchuthi atalephera masamu. Kusukuluko anamupatsa mwayi umodzi wobwereza mayeso. Kulepheranso, sukulu ithera pomwepo.

"Achimwene, mbumba ndi yanu iyi," anatero a Martina. "Muthandizeni."

"Iyayi, achemwali. Alephere. Ntchito kumtunda kuno ziliko."

"Ziti? Zothyola nandolo? Mwaphunzitsa ana a eni mpaka kumera imvi, lero wanu yemwe ndiye mumukane?"

Koma masana a Ambrose anaitana Cathy pakhonde, namupatsa funso la kulemera kwa katundu m'sitima. Mtsikanayo anatulutsa foni kuti awerengetsere.

"Ika pansi imeneyo. Yamba wandiuza kaye: yankho likhala lolemera ngati mbuzi kapena ngati lole?"

"Atsibweni, ndidziwa bwanji ndisanawerengere?"

"Nanga chala chikaterereka pafonipo, udzadziwa bwanji kuti yakunamiza?"

Cathy anawerengetsera, yankho n'kutuluka lochepa kwambiri. Anaseka mwamanyazi. "Koma njira ndiye ndakhoza. Kusukulu apa akanandipatsa theka."

A Martina, amene ankapeta mpunga pafupi, anasiya kupeta n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Theka la sitima siliyandama," anatero a Ambrose.

Anapitiriza choncho tchuthi chonse, Cathy akulira, akunyanyala, akubwereranso. Ndipo m'mawa wina a Ambrose anachita chimene a Martina sankayembekeza: anati onse atatu apite ku Chiuta. Kumeneko anabwereka bwato kwa msodzi wina, a Laisi, nalikankhira pamadzi ofika m'chiuno. Anauza Cathy ayale matumba a mchenga pansi pa bwatolo, akhalemo. Bwato linali phee. Kenako anamuuza awasanjikize pamwambamwamba, iye aimirire. Bwato linapendekera uku, linapendekera uko, Cathy m'madzi phava!

Asodzi amene ankasoka maukonde kumtunda anafa nacho chiseko. "Akapitawo a sitima amira pamadzi osambira ana!"

A Ambrose sanaseke. Anali atalowa kale m'madzimo ndi nsapato zomwe, atamugwira mtsikanayo pamkono ngati akulimbirana ndi ng'ona. A Martina anamva bwinobwino dzina limene ankakuwa. Silinali la Cathy. Asodzi nawo analimva, chiseko chinathera m'kamwa, poti kumeneko Uladi ankamudziwa.

Cathy analavula madzi, maso ali pabwato lotembenuzikalo. "Atsibweni, katundu akakwera m'mwamba, bwato limasowa mphamvu yodziwongola. Ndi zija za m'buku zija!"

"Ndi zomwezo," anatero iwo, mawu ali pansi. "Tiye kumtunda, ukawerengere."

Mayeso aja Cathy analemba, ndipo anakhoza. Anaimba foni yekha kunena kuti mwezi wamawa akayamba kuphunzira ntchito musitima yeniyeni kunyanja. A Martina analulutira mpaka anansi kubwera. A Ambrose anapempha foniyo.

"Iwe Cathy, mayankho onse unakhoza, kapena malikisi ena ndi a njira?"

"Sanena zimenezo, atsibweni. Angoti ndakhoza basi."

"Sungafunse?"

"Aa, ndani amafunsa atakhoza kale?"

Anabweza foni ija kwa a Martina, nalowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo, mphepo ikangowomba kuchokera kumwera, a Martina ankawapeza ataima pabwalo, khasu lili m'manja, akuyang'ana nsonga za mitengo. Foni ya munthu aliyense ikalira, ankadzidzimuka.

Tsiku limene Cathy ankakwera sitima koyamba, a Ambrose anasita malaya awo oyera, nati akukafika kumsika. Sanabwereko. Wogulitsa tomato wina anati anawaona akudikira galimoto yolowera ku Nayuchi, cha ku Chiuta. Katekisiti wa ku Kalembo analumbira kuti anakumana nawo pa depoti ya Balaka, akufunsa basi yakumpoto, yolowera kunyanja kumene kunali Cathy. A Martina anatuma uthenga kwa abale ku Mozambique, analengezetsa m'maparishi, anafika ndi kupolisi komwe. Palibe anabwera ndi mawu ogwirika.