Mackson ndi Msewu wa Ndere

Inu amene anthu akuuzani kuti mwatha ntchito, imvani za Mackson Namakhwa wa ku Likhubula.

Mu Meyi 1953, Mackson anatuluka m'chipatala mwendo wake wamanja utakhota ngati chikwakwa. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anakhala akusenzera esiteti ina ya tiyi matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri la Mulanje. Tsiku lina anaterereka pathanthwe, thabwa n'kumuphwanya bondo. Ntchito ya kuphiri inathera pomwepo.

Iye, mkazi wake Millie ndi mwana wawo Rosie ankakhala m'nyumba ya kampani. Makolo awo anachokera kutsidya kwa Apwitikizi, ndipo kunja kwa esiteti analibe ngakhale mzere umodzi wa munda.

Sabata isanathe, kapitawo Pilato anafika pakhomo.

"Nyumba za kampani n'za amuna ogwira ntchito," anatero. "Mwezi ukatha, pindani mphasa."

"Ndipatseni ntchito, a kapitawo."

"Ntchito yanji, mwendo umenewo?"

"Wathyoka ndi mwendo. Manja ndili nawo onse awiri."

Pilato anaseka, kenaka anaganiza zomuchititsa manyazi. Panali msewu wa konkire wokwera kuchokera pachipata mpaka kunyumba ya bwana mkulu wa esiteti. Unali wotsetsereka kwambiri, ndipo unkadutsa pansi pa mitengo yowirira. Nyengo yozizira ikafika, chiperoni chinkaunyowetsa masiku osawerengeka, ndere n'kuukuta wonse. Galimoto ya bwana inkalira pamalo amodzi matayala akuzungulira chabe. Konkireyo inali itang'ambikang'ambika, ndipo amuna atatu amphamvu anali ataulephera kale.

"Kakolope umenewo," anatero Pilato. "Poti kugwada ndiye ukutha."

M'mawa mwake Mackson anapita ndi ndodo yake, ndowa ya mchenga, phulusa ndi burashi imene anaipanga yekha ndi mawaya a tayala lakale. Anagwada pa chiguduli, mwendo wokhotawo atautambasulira kumbali, n'kuyamba kukwecha.

Kunkazizira mwakuti zala zinkakanika kupinda. Chifunga chinkatsika m'phiri n'kumuphimba, kamvula kosalekeza kakumulowa m'khosi. Othyola tiyi ankadutsa madengu ali kumsana, ena akumumvera chisoni, ena akunong'onezana. Anzake amene ankasenza nawo matabwa ankayang'ana kumbali.

Tsiku lachinayi zikhatho zinasupuka. Millie akumumanga nsanza anati, "Bambo a Rosie, tiyeni tingopita kwa achimwene ku Milonde. Anthu akukusekani."

"Asekeni, mayi a Rosie. Ku Milonde tikakhala alendo pakhonde la eni. Pano ndikhala ndi ntchito yanga."

Patatha milungu itatu msewu unayera kuchokera pachipata mpaka pakhomo pa bwana. Koma Mackson anali ataona chimene amuna atatu aja sanachione. Madzi ochokera kumtunda ankalowa m'ming'alu, n'kumakokolola dothi la pansi pa konkire. Akagogoda ndi ndodo, malo ena ankalira ngati ng'oma. Kuphiri anali ataonapo madzi akugona m'mng'alu wa mwala, kuzizira kukafika mwalawo n'kugawika. Anadziwa kuti kukolopa kokha sikungapulumutse msewuwo.

Anapempha phula lotsala m'migolo ya kusitolo ya esiteti, analisungunula m'chitini, n'kulithira m'ming'alu yonse. Ntchitoyo inamutengera masiku asanu ndi limodzi.

Chiperoni chitabweranso, phula lonse linamatuka. Linkasendeka ngati khungwa, ndipo lina linakakamira kumatayala a galimoto ya bwana.

Pilato anabwera atanyamula chidutswa cha phulalo, n'kuchiponya pamaso pa Mackson anthu akuona.

"Umisiri wako ndi umenewu? Loweruka ndipeze nyumba ilibe munthu."

Mackson anatola chidutswacho n'kuchitembenuza. Kunsi kwake kunali madzi.

"Sindichoka, a kapitawo."

"Wati chiyani?"

"Ndati sindichoka. Ndalakwitsa kamodzi, ndipo ndikonza. Ngati ndi zochotsana, tiyeni kwa bwana, akandichotse ataima pamsewu umene ndayeretsa ine."

Pilato sanafune zimenezo, chifukwa kwa bwana anali atanena kale kuti msewu unayera chifukwa cha nzeru zake. Anatukwana, n'kuchoka.

Masana omwewo Mackson anatsimphina mpaka kufakitale, kumene kunali mmisiri womanga wachikulire, a Juma. Anawaonetsa chidutswa chija.

"Unathira ponyowa," anatero a Juma. "Phula ndi madzi sizigwirizana. Tokosa mng'aluwo mpaka uyere, uumitse, uikemo mchenga wouma, phula libwere pomaliza."

"Ndiumitse bwanji, dzuwa kulibe?"

"Zimenezo ndiye zako. Ine ndimamanga pansi pa denga."

Mackson anaganiza masiku awiri. Kenaka anatenga lata lakale, analipinda ngati bwato, n'kudzazamo makala amoto. Ankatokosa mng'alu ndi waya, kuikapo latalo mpaka konkire itatentha, kulikokera patsogolo, kuthira mchenga wokazinga, kenaka phula. Pa tsiku ankatseka ming'alu iwiri, nthawi zina umodzi. Utsi unkamufiiritsa maso, ndipo phula linamuwotcha padzanja n'kumusiyira chipsera cha moyo wonse.

Atatha ming'alu, anakumba ngalande mbali ya kumtunda kwa msewu, atakhala pansi, ndi khasu la mpini waufupi. Anaiyala miyala kuti madzi a m'phiri azidutsa m'mbali. Palibe amene anamutuma zimenezi.

Mvula ya Disembala inagwa masiku anayi osakata. Misewu ina ya pa esiteti inakokoloka, koma uwu sunasunthe. Lole yodzaza nkhuni inakwera mpaka pakhomo osabwerera m'mbuyo.

Bwana mkulu anatsika wapansi akugogoda konkire ndi nsapato, Pilato ali pambuyo. Mackson anali chapafupi akuchotsa masamba m'ngalande.

"Wachita izi ndani?" anafunsa bwanayo m'Chinyanja chake chopotoka.

"Anthu anga, bwana. Ndinawalangiza ine," anayankha Pilato.

Masiku amenewo wantchito wamba sankalankhula kwa mzungu asanafunsidwe. Mackson anadziwa kuti liwu limodzi likanatha kumutulutsa m'nyumba tsiku lomwelo. Anagwira ndodo yake n'kuimirira.

"Ndachita ndine, bwana. Ndekha. Ngati analangiza ndi a kapitawo, afunseni kuti phula limagwira bwanji m'mng'alu wonyowa."

Bwana anatembenukira kwa Pilato n'kudikira. Pilato anangoyang'ana mitengo.

Mackson anafotokoza za lata, makala ndi mchenga. Bwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Kuseri kwa fakitale kuli bwalo la konkire long'ambika kuposa apa. Uyambe Lolemba."

Sanathokozedwe kuposa pamenepo, ndipo Pilato anamusungira chakukhosi zaka zambiri. Koma dzina lake linachoka pa okolopa n'kupita pa amisiri. Chaka chilichonse, chiperoni chisanayambe, ankakwecha msewuwo, kutseka ming'alu yatsopano ndi kutsegula ngalande. Pofika 1958, maesiteti ena ankatumiza galimoto kudzamubwereka, ndipo anali ndi amuna asanu ndi awiri ophunzira kwa iye. Atatu mwa iwo anali ovulala pantchito, ndipo anawasankha dala. Rosie anayamba sukulu ya mishoni, woyamba m'banja lonselo kugwira choko.

Wokondedwa wowerenga, mwina nanunso akupatsani ntchito imene ena onse aikana, n'cholinga choti mugwe anthu akuona. Igwireni mpaka muidziwe kuposa wina aliyense. Mukalakwitsa, funsani odziwa, muyambirenso. Ndipo tsiku limene wina adzafune kudya thukuta lanu inu muli pomwepo, mudzatsegule pakamwa, ngakhale mtima ukugunda ndi mantha. Musataye mtima, ndipo musalole munthu kukulemberani malire.