Zimene ndinalembera mayi wa ku Jenda

Chaka changa chachiwiri ndikuphunzitsa pa Mzimba boma, tsamba langa la pa intaneti linauma. Lachisanu lililonse ndinkalembapo za Mawu a Mulungu, koma mutu unafika poti gwa. Za kukhululuka ndinalemba katatu konse, mpaka mchemwali wanga ku Dedza anandifunsa kuti wandilakwira ndani. Ndi manyazi ndinapempha owerenga kuti anditumizire mitu yoti ndizilemba.

Sabata yathunthu kunali zii. Foni ndinkaisuzumira ngakhale ndili pabolodi, choko chili m'manja. Kenako unabwera uthenga wa mayi wina wogulitsa tomato pa Jenda: "Amama, lembaniko za mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni, anasiya kuimba foni, ndipo akuti anakwatira komweko. Mulungu akuti chiyani?"

Ndivomere, ndinasangalala kuti ndapeza cholemba. Za mwini funsolo sindinaganize n'komwe. Kwathu mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, ndipo akalowerera, ana amatsala ndi mayi awo. Choncho ndinalemba mosaphethira kuti Mulungu sanalenge mkazi kuti akhale kapolo, mayi wotere atenge ana ake abwerere kwa makolo. Anthu anayamikira, ine n'kumadzimva.

Patatha milungu itatu, mayi wina anandidikira pageti ya sukulu, maso ali psuu.

"Ndine uja wa ku Jenda," anatero. "Ndinachita zimene munalemba."

Anatenga ana ake atatu n'kupita kwawo kufupi ndi Embangweni. Tsiku lachitatu apongozi ake aamuna anafika. Ng'ombe za malowolo zinaperekedwa kalekale, ndiye kuno ana ndi akuchimuna. Bambo ake omubereka ndi amene anawatulutsa anawo m'nyumba n'kuwapereka. Ndipo poti anachoka yekha osatsanzika, kubanjako anamuuza kuti asabwererenso.

"Ndapota, amama, inu ndinu ophunzira. Kawauzeni apongozi anga kuti mwina sindinamvetse bwino."

Anamvetsa bwinobwino, mbuli ndinali ine. Ndinafufuta nkhani ija, ngati kuti kufufutako kubweza ana. Ndinathamangira kwa abusa, iwo anati za ng'ombe sangalowererepo. Ndinasala kudya, ndinapemphera mpaka mawu kusasa. Loweruka tinakwera minibasi tonse awiri kupita kwa apongoziwo, ndipo ndinagwada pabwalo, pafumbi, ndi siketi yanga ya kutchalitchi.

"Bambo, wolakwa ndine. Ndine ndinamusocheretsa mwana wanuyu."

Anandimvetsera mofatsa, ndipo kufatsako kunandiwawa kuposa kukalipa.

"Aphunzitsi, musanalembe munafunsako munthu wa kuno?"

"Ayi, bambo."

"Mbwenu, basi. Ana aziwaona kutchalitchi, sitimukaniza. Koma ana ali pakwawo."

Ndinapempha kuti atipatseko wamng'ono yekha, wa zaka zitatu. Ndinalira, ndinatchula mavesi onse amene ndinkawadziwa. Anangopukusa mutu. Potsanzika kamtsikanako kanakakamira chitenje cha mayi ake, ndipo azakhali ake anakamasula chala chimodzichimodzi.

Tinakwera minibasi yobwerera ku Jenda. Ndinkafuna andinyoze, andilavulire, chilichonse. Potsika anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Yewo chomene, amama," anandithokoza m'Chitumbuka. "Mwataya tsiku lanu lonse chifukwa cha ine."