Phazi la Mngoni m'Holo ya Balei

Ndinagwa pa siteji ya basi ku Maddington, masanasana anthu akuona. Sikuti ndinakhumudwa pa mwala ayi. Basi inaima, ndinakweza mwendo kuti ndikwere, mwendo wotsala pansiwo unangoti lero sindigwira ntchito, ine uyo chagada. Dalaivala anatsika, mayi wina anandipatsa madzi, wina n'kutenga foni yanga kuimbira mwana wanga wamkazi. Mwanayu ndi namwino ku nyumba yosungirako okalamba ku Midland, ndipo ndi yemweyo anandiitanitsa kuno ku Perth amayi ake atamwalira, ati ndisamakhale ndekha ku Ntcheu.

Madzulo ake anandilanda khadi lokwerera basi ndi sitima.

"Adadi, simutulukanso nokha mpaka a mafizo atanena kuti miyendo yanuyo ili bwino."

"Iwe, munthu kugwa kamodzi basi walowa ndende?"

"Ogwa kamodziwo ndi amene ndimawasambitsa kuntchito. Chiuno chikathyoka pa msinkhu wanuwu, munthu sadzukanso."

Muyenera kudziwa kuti ine chibadwire matako anga sagwirizana ndi mpando. Sukulu ndinalekera panjira chifukwa chomwecho. Kuno ndinali nditazolowera kuti mwana akapita kuntchito, ine ndinkakwera chilichonse chomwe chaima patsogolo panga. Tsiku lina ku msika wa ku Canning Vale kukaona kabichi wamkulu ngati mutu wa ng'ombe, tsiku lina kumathero a njanji kukangoona kuti kuli chiyani. Tsono khadi litapita ndinasanduka mbuzi yapachingwe. Kuchoka pabalaza kupita kukhitchini, kutsegula firiji, kuitseka, kubwerera pabalaza. Ndinasesa kuseri kwa nyumba mpaka kapinga anayamba kudandaula. Ndinkaima pazenera kuyang'ana mabasi akudutsa opanda ine, mipando ili mbee, mtima uli wawawa.

Wa mafizoyo anali bambo waulemu wake. Anandiuza kuti ndiime ndi mwendo umodzi. Ndinaima, koma kanthawi koti munthu n'kuyetsemula. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndisankhe chimodzi: kusambira, kutambasula miyendo nditakhala pampando, kapena gule wa balei wa anthu okalamba. Ndinafunsa kuti baleiyo n'chiyani. Mwana wanga anandionetsa pafoni: atsikana ovala zoyera ataima ndi zala zakumapazi ngati akakowa m'dambo.

Pomwepo nzeru zoipa zinandibwerera. Ndinati mumtima, mwana uyu sangalole kuti bambo ake, mkulu wa mpingo wathunthu, azikadumphadumpha ngati kakowa. Achita manyazi, andibwezera khadi langa.

"Ndasankha umenewu," ndinatero.

"Chabwino. Lachiwiri sindikhala kuntchito, ndikakutulani. Nsapato zake ndikugulirani."

Msampha ndinatchera ndekha, ndinakodwamo ndekha.

Holo yake inali ya matabwa pansi, khoma limodzi galasi lokhalokha, ndi mtengo wopingasa wogwirira m'mbali mwa khoma. Ophunzira onse anali amayi achikulire, ena imvi kuposa ine. Mwamuna ndinali ndekha, mu buluku langa la masewero ndi tinsapato tofewa ngati sokosi. Aphunzitsi athu anali mayi wochepa thupi, msana uli njo ngati bango, mawu otsika koma osabwezeka.

Choyamba anati tigwire mtengo uja, zidendene zigundane, zala ziyang'ane kunja, kenako tipinde mawondo msana uli chiongokere. Ndinangoti ha, uku si kunjuta kumene amachita mtsikana popereka madzi kwa apongozi? Ndinanjuta ndithu, koma diso lili pazenera kuopa Mmalawi wodutsa.

Kenako anati tikweze mwendo kutsogolo, tiutsitse. Apa ndiye ndinati mwandipeza. Ine ndinavina ngoma unyamata wanga wonse, chishango kumanzere, chibonga kumanja. Ndinakweza mwendo, n'kuutsitsa monga amautsitsira mwamuna. Di. Matabwa analira, galasi linanjenjemera, mayi amene anali patsogolo panga anagwira pamtima.

Aphunzitsi anabwera. "Pang'onopang'ono, bambo. Ngati mukugoneka khanda."

Ndinawafotokozera m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti kwathu phazi la mwamuna likafika pansi, nthaka iyenera kuvomera. Munthu woponda osamveka ndi mbala, apo ayi mfiti. Amayi aja anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ine kumva kuseka ndimakhala ngati ndamwa thobwa lozizira. Kuyambira tsikulo ndinakhala mfumu ya m'holomo. Akati tsitsani mwendo, onse ankadikira di wanga. Tsiku lina anandipempha kuti ndiwaonetse ngoma yeniyeniyo, ndinatenga ambulera ya mayi wina kukhala chibonga, chivundikiro cha bini kukhala chishango. Anandiombera m'manja. Ndinabwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo.

Koma titapitanso kwa a mafizo, mwendo unali uja ndi uja. Kuyetsemula kumodzi, pansi. Mwana wanga analiza galimoto kubwerera kunyumba. Ine ndinayang'ana chikwama chake m'mene munali khadi langa ngati galu woyang'ana nyama yopachikidwa.

Lachiwiri lotsatira, anzanga akuvula nsapato, aphunzitsi anandiitana pakati pa holo.

"Kwezani mwendo. Musautsitse mpaka nditanena."

Ndinakweza. Di.

"Sindinanene."

"Mwendowu sumva Chingerezi, mayi."

Sanaseke. "Kwezaninso."

Ndinakweza. Ndinaulimbira ndithu, mano ndaluma, koma dziko linapendekeka, phazi linathamangira pansi lokha.

"Mwaona? Inu simukuponda. Mukugwa, kenako mumaonjezera phokoso kuti tiziyesa mwachita dala."

Ndinatentha m'makutu. Mzimayi woti sanaonepo fumbi la bwalo akandiuze ine za kuponda? Ndinatola nsapato zanga osatsanzika. M'galimoto ndinauza mwana wanga kuti gule wa mfiti ameneyu ndasiya.

"Zili kwa inu, adadi. Kuntchito kuli tizitsulo tamateyala toyendera agogo aja. Ndikubweretsereni kamtundu wanji?"

Sabata imeneyo ndinazungulira m'nyumba kuposa kale. Mawu a mayi uja ankanditsata kubafa, kukhitchini, pakhomo. Pofuna kudzitsimikizira kuti ndi wabodza, ndinatseka makatani, ndinadziimbira nyimbo ya ngoma pabalaza, n'kuyamba kuvina. Nyimbo itafika pamene mwendo umakwera, ndinazindikira kuti phazi langa lafika pansi nyimbo isanafike. Ndinabwereza. Chimodzimodzi. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira bwino akuluakulu amene anatiphunzitsa kubwalo. Katswiri wa ngoma sankadziwika ndi phokoso, phokoso aliyense ali nalo, ngakhale thumba la chimanga likagwa pa ngolo. Ankadziwika ndi kupachika mwendo m'mwamba, bondo lili pachifuwa, thupi lili zii, anthu mpweya atagwira, amayi nthungululu ili pakhosi, mpaka iye mwini atafuna. Kupachikako kunandithawa liti sindikudziwa. Ndinangotsala ndi di.

Ndinabwerera ku holo ngati sindinanenepo kanthu. Aphunzitsi nawo sanafunse. Anangondisuntha kundiika kumapeto kwa mzere, kumene kulibe wondiseka, n'kundiuza kuti ndisankhe kadontho pakhoma ndiziyang'ana pomwepo.

Abale, kuchita chinthu pang'onopang'ono n'kowawa. Kulima ndime n'kosavuta. Piyano ikuyenda ngati maliro a mfumu, iwe ukukoka chala chakuphazi pamatabwa, kuchikweza, kudikira, katumba akuyaka moto, mutu ukuganiza za basi, za msika, za mvula ya ku Ntcheu, za chilichonse kupatula kadontho kaja. Maso akangochoka, thupi limatsatira. Amayi aja anayamba kudandaula kuti ndasiya kuwasangalatsa. Wina anandifunsa ngati ndikudwala.

Kunyumba ndinkagwira sinki podikira ketulo. Kutchalitchi ndinkakweza phazi pang'ono kuseri kwa benchi poimba nyimbo. Mkulu mnzanga wa ku Kasungu anandiona.

"Achimwene, mwendo m'mwamba ngati tambala wa pamvula, mwaponda minga?"

"Ndikuphunzira za ku ulaya, inu. Zimenezi a ku Kasungu sangazimve."

"Tamva kale. Akuti mumavala siketi."

"Bwerani Lachiwiri mudzaone. Mubwere ndi mimba yanuyo, tione ngati mwendo umodzi ungainyamule."

Sanabwere.

Dzinja la kuno litatha tinapitanso kwa a mafizo. Ndinasankha kamsomali pakhoma, ndinakweza mwendo wamanja, wamanzere n'kundinyamula. Ndinakhala. Ndinakhalabe. Ndinautsitsa ndekha, mwakachetechete ngati mbala yeniyeni. Titasinthanitsa, wamanja unanjenjemera, unayesa, n'kundipereka msanga. Bambo uja anati kumanzere kuli bwino, kumanja kukadali ntchito.

Panja mwana wanga anatulutsa khadi, koma sanalisiye m'dzanja langa msanga.

"Basi ya ku balei, ndi ya kutchalitchi. Masana okha. Pokwera muzigwira chitsulo."

"Nanga sitima? Nanga kumsika?"

"Mwendo umodzi, khadi latheka. Wamanjawo ukadzakhoza tidzakambirana."

"Iwe ndi amako ndinu amodzi. Nawonso ankapereka nkhuku ya mlendo ntchafu imodzi."

"Ndiye mutenga kapena ndibweze m'chikwama?"

Ndinatenga.

Pano ndimapita ndekha Lachiwiri. Basi ikafika pa holo, mtima umandiuza kuti khala, uone kumene ikathere, ndani akuona? Dzanja limakana kukanikiza belu mpaka mphindi yomaliza. Koma ndimatsika, chifukwa aphunzitsi ayamba kutichotsa pa mtengo wogwirira uja kutiika pakati pa holo popanda chogwira, ndipo sabata yatha anati tonse tiyambe kuima ndi mwendo wamanja.