Kagalimoto Kofiira ndi Botolo Lopindika Khosi

Nyumba yathu ya ku Kawale inali ya zipinda ziwiri zokha, koma simenti yake inali yosalala kuposa ya nyumba zonse za mumzere wathu. Apa sindikudzitama ayi, funsani aliyense amene analowamo. Loweruka lililonse ndinkaipaka polishi wofiira n'kuikwecha ndi burashi mpaka mawondo kuchita dzanzi. Dzuwa la masana likalowa pakhomo, kuwala kwake kunkagona pansipo ngati madzi a m'beseni. Mpaka lero ndikatsinzina ndimaiona choncho nyumbayo, yofiira, ili zii, ikununkhira polishi ndi thobwa.

Pa simenti imeneyo m'pamene pankathamanga kagalimoto ka mwana wanga. Abambo ake ankathandiza dalaivala pa thiraki ya katundu yopita ku Joni, ndipo ulendo wina, zaka zija matipate atangoyamba kumene, anabwera nako atakakulunga m'jekete. Kanali kofiira, kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, ndipo kankayenda kokha. Munthu unkangogwira limoti, kabokosi kokhala ndi waya wosongoka, n'kukankha kandodo kake ndi chala, iko n'kumapita. Ana a m'dera lathu ankadziwa magalimoto a mawaya okankha ndi ndodo basi. Ataona aka kakutuluka pakhomo popanda woyendetsa, ena analiyatsa liwiro.

Abambo akewo anati agulira mwana. Ine ndinati, “Mwana wake uti? Wandevuyu?” Paja mtsikana wathu anali asanayambe n'komwe sukulu, ndipo amene ankagona chafufumimba pansi n'kumalira ngati injini anali abambo ake. Koma pang'ono ndi pang'ono kanakhaladi kake. Anaphunzira kukakhotetsa m'miyendo ya tebulo ndi kukabweza chambuyo, ndipo akamaliza ankakapukuta ndi kansalu n'kukagoneka m'katoni pansi pa bedi. Abambo ake akapita paulendo, mwanayo ankasuzumira m'katonimo m'mawa uliwonse asanasambe n'komwe m'maso.

Vuto linali simenti yanga. Matayala ankaterereka, kagalimoto n'kumangozungulira pamodzimodzi ngati munthu wa kachasu. Abambo ake anandipempha kuti ndisiye kupaka polishi. Ndinangowayang'ana, iwo n'kumva okha. Ulendo wotsatira anabwera ndi kachitini ka mankhwala opaka matayala. Anali amadzimadzi, achikasu, ndipo fungo lake linali la mankhwala otikitira msana osakanikirana ndi parafini. Ukapaka pa tayala n'kudikira pang'ono, mphira inkafewa n'kuyamba kumata, ndiye kagalimoto kankagwira pansi bwinobwino n'kumakhota osaterereka.

Tsono chivindikiro cha kachitiniko chinali chitapindika panjira, sichinkatseka. Apa m'pamene anayambira kundibera mabotolo. Ine nthawi imeneyo ndinkagulitsa thobwa pamsika, ndipo botolo la pulasitiki silinali chinthu chongotaya ngati masiku ano. Tinkachita kuwatola, kuwatsuka ndi mchenga, kuwayanika padenga, ndipo wogula akamwa ankabweza. Iwo anasankha labwino kwambiri, lokhala ndi chivindikiro chake, n'kuthiramo mankhwala awo. Patapita masabata angapo botolo lija linachita mbuu, linafewa, n'kuyamba kutsamira mbali imodzi. Mankhwalawo ankadya pulasitiki. Ndiye anatsanulira m'botolo lina, kenako linanso, ndipo onsewo anali anga.

“Bambo inu, bwanji osathira m'botolo lagalasi?” ndinawafunsa tsiku lina nditatopa nazo.

“Galasi limasweka, mayi. Mwana angadzicheke.”

“Nanga thobwa ndizigulitsira m'manja?”

Anangoseka, n'kundilonjeza mabotolo a ku Joni amene sindinawaone mpaka lero. Burashi yopakira analibe, ndiye ankapakira nthenga ya nkhuku yakuda. Kuti isasowe, anaimangirira pakhosi pa botolo ndi ulusi wofiira wa juzi yanga yakale. Chivindikiro ankachikulunga ndi lekeni kuti fungo lisadzaze m'nyumba.

Lamulungu masana ndiye inali nthawi yawo. Tikabwera kutchalitchi, iwo asanavule n'komwe malaya a kwaya, ankakhala pansi ndi mwana wawo, katoni pakati. Ine ndinkakhala pakhonde n'kumasankha mawere. Kuseri kwa mpanda makina a telala wachiyao, mnansi wathu, ankalira mwaulesi, n'kusiya ikakwana nthawi yoswali, n'kuyambanso. M'nyumba ndinkamva mawu awo ali pansipansi: “Viika nsonga yokha. Eya. Tsopano zungulitsa tayala. Uzira.” Awiriwo ankauzira matayala mitu itagundana. Kenako kaphokoso kaja kankayamba, kuchokera kuchipinda kupita pabalaza, kutuluka padzuwa, kulowanso mumthunzi. Nthawi zina tulo tinkandiba ndili chikhalire, lichero pamiyendo, ndipo m'tulomo kagalimoto kankapitirira, kudutsa mlatho, kudutsa malire, kukafika kumene iwo ankapita ine osakudziwa. Ndinali wokondwa masiku amenewo, ngakhale pakamwa panga sipankasonyeza.

Kenako anayamba kudwala, matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Maulendo anatha. Poyamba ankathabe kukhala pansi n'kutsamira khoma, mwana n'kumayendetsa iwo akuonera. Pambuyo pake phokoso lililonse linkawapweteka m'mutu, ndiye katoni inangokhala pansi pa bedi, botolo litaima pamwamba pake. Kwa miyezi yambiri palibe amene anakumbukira kulisintha. Anatisiya nyengo yotentha, mvula isanayambe.

Maliro tinakaika kwawo kumpoto. Pobwerera ku Lilongwe, alamu anga aakulu, akulu awo a malemu, anabwera nafe pamodzi ndi mlongo wawo, atabwereka pikapu. Sindinafunse kuti pikapuyo ndi ya chiyani. Ine ndine Mchewa, koma ndinalowoledwa, ndipo kwawoko katundu wa mwamuna amapita kwa abale ake. Bedi, wailesi, mipando, tebulo, zonsezo ndinali nditazitaya kale mumtima. Chimodzi chokha ndicho ndinkapempha Mulungu, kuti kagalimoto katsalire mwana. Kukabisa sindikanatha, chifukwa alamu anali atandifunsa kale kumanda komwe, dothi lisanaume, kuti, “Kagalimoto koyenda kokha kaja kalipo?” Iwo anali ndi ana aamuna okhaokha.

M'mawa mwake ndinatumiza mwana kwa akazi a telala kuti asaone. Anyamata aganyu anayamba kutulutsa katundu wa pabalaza, ine nditakhala pansi pakona, chitenje kumutu. Atafika kuchipinda ananyamula matiresi, kenako bedi. Pamenepo mlamu wanga wamkazi anakuwa, “Chiuta wane!” n'kuthawira pakhomo.

Inenso nditaliona botololo ndinadzidzimuka. Linali litafota n'kukhala pansi ngati mphonda yowola, khosi litapindikira kumbali, mimba itatupa. Mankhwala anali atada m'katimo, ndipo kunja linkachita thukuta la mafuta. Pakhosi pali ulusi wofiira, nthenga yakuda ili njo, pamutu pokulungidwa ndi mphira. Aganyu aja anaika bedi pansi n'kutuluka osatsanzika. Alamu aakulu, munthu wamkulu wa mpingo kwawoko, anabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma.

“Alamu,” anandiitana, “ichi n'chiyani?”

Ndisanatsegule pakamwa mlongo wawo anayankha ali panja. “Mukufunsanso? Nsupa imeneyo! N'chifukwa chake ankadutsa malire onse aja osagwidwa. Nanga kagalimotoko mumati kamayenda ndi chiyani?”

Alamu anayang'ana botolo, anayang'ana katoni imene linakhalapo, n'kupukusa mutu. “Izi zitsale,” anatero. “Katoni imeneyo munthu asaikhudze. Sitingalowe nazo m'mudzi zimenezi.”

Mtima wanga unakhala pansi, poti kagalimoto kanali katsala. Ndinadziwa kuti ndikakhala chete, mbiri ikafika kumpoto yoti mwamuna wanga, woimba kwaya uja, ankagona pamwamba pa nsupa. Zinandiwawa, koma ndinaluma mlomo. Ndinati mumtima, bambo inu mundikhululukire, inuyo mwagona, koma mwanayu ali moyo. Ndinakokera chitenje kumaso kuti asaone kuti ndikupuma bwino.

Ndiye mwana analowa. Kaya anazemba bwanji kwa akazi a telala, kaya. Anadutsa pakati pa miyendo ya anthu, anaona katoni yake ili poyera, anaona botolo.

“Iii, lafewa!” anatero. “Amayi, simunasinthe? Adada amati tizisintha.”

Analinyamula ndi manja awiri. Azakhali ake anakuwanso, koma iye sanawamve n'komwe. Anakhala pansi, miyendo tambasu, n'kutulutsa kagalimoto. Anamasula lekeni pang'onopang'ono, lilime lili panja, anaviika nsonga ya nthenga, n'kuyamba kupaka tayala limodzilimodzi akulizungulitsa ndi chala. Akamaliza ankauzira, n'kupendeketsa mutu kumbali ngati pali wina woti agundane naye. Fungo lija linadzaza m'chipinda, ndipo kwa kanthawi ine ndinaiwala za pikapu, ndinali pakhonde Lamulungu masana, lichero pamiyendo. Sindinamuletse.

Mabatire anali adakali ndi kamoyo. Kagalimoto kananjenjemera, kanatuluka m'chipinda, n'kulowa pabalaza. Munalibe tebulo, munalibe mipando, simenti yokhayokha yofiira kuchokera kukhoma kufika kukhoma, dzuwa litagonapo. Sikanathamangepo choncho chibwerere. Kanazungulira mozungulira mwakemo, kanakhota pamapazi pa alamu osaterereka ngakhale pang'ono, kanalowa m'kuwala, kanatulukamo, kanalowanso. Tonse tinangoti kukamwa yasaa, ndipo aganyu aja anabwerera n'kumasuzumira pawindo.

Woyamba kuseka anali alamu. Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ikutsika, akupukuta ndi kumbuyo kwa dzanja. “Mankhwala a matayala! Mng'ono wanga ameneyu chibwana sichinamuthere,” anatero. “Ambuye atikhululukire, tikanamunamizira munthu wosalakwa.” Mlongo wawo naye analowa akuseka mwamanyazi, n'kumanunkhiza nthenga ija. Chiyambire maliro kanali koyamba kuti m'nyumba mwathu mumveke kuseka, ndipo ine ndekha ndi amene sindinaseke.

Kagalimoto kataima, alamu anawerama n'kukanyamula. Anakatembenuza, anagwira matayala omata aja, n'kukabwezera m'katoni. Katoniyo anaikupatira m'khwapa.

“Alamu,” ndinatero, “kameneko n'ka mwana. Abambo ake anamugulira iyeyu.”

“Mwana wamkazi ndi galimoto, alamu? Abale ake akasewere nako. Kumudzi n'kwawo, akadzabwera adzakapeza.”

Ndinayankhula zambiri pamenepo, zina zosayenera kutuluka m'kamwa mwa namfedwa, koma zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Mwanayo sanamvetse chimene tinkakanganira. Ankaganiza kuti abambo ake aakulu akungobwereka, moti limoti anachita kuwapatsa yekha ndi manja awiri, n'kuwasonyeza kandodo kobwezera m'mbuyo. Katoni sanaiike kumbuyo ndi mipando ayi, anakhala nayo kutsogolo pamiyendo.

Pikapu itanyamuka tinalowa m'nyumba yopanda kanthu. Mwana anaona botolo lili pakati pa simenti, nthenga ili pambali. “Aiwala mankhwala!” anakuwa. Analitola n'kutuluka chothamanga ndisanamugwire. Ndinamuona akutsika msewu wafumbi uja, kadiresi kakuuluka, botolo atalikweza m'mwamba, akuitana, “Adada aakulu! Adada aakulu!” Pikapu inali itakhota kale pa chigayo. Iye anathamangabe, ndipo chifukwa cholifinya, botolo lofewa lija linang'ambika m'manja mwake. Anapunthwa n'kugwira pansi.

Anabwera pang'onopang'ono, manja atawatambasula kutsogolo, fumbi, timiyala ndi udzu zitamatirira mpaka m'zigongono. Ndinamukhazika pakhonde, ndinatenga beseni, sopo ndi kaparafini, n'kuyamba kumutsuka chala chimodzichimodzi. Sankalira. Ankangoyang'ana kumsewu, akuganiza.

“Amayi, kwa agogo kuli simenti?”

“Kulibe, mwananga. Pansi n'pozira ndi dothi.”

“Ndiye sikakaterereka, eti?”

“Sikakaterereka.”

Anapumira m'mwamba, mtima wake n'kukhala m'malo. Anandipatsa dzanja linalo.

“Ndiye akabweretsa liti?”

Ndinaweramira m'beseni n'kupitiriza kutsuka. Mankhwalawo anali atalowa mpaka m'zikhadabo, sankachoka.