Mawaya a Sipikala ya Kumanzere

A Mawailesi, okonza zoimbira pamsika, akalamba akukalipira makasitomala: "Waya wofiira pofiira, wakuda pakuda! Mukasemphanitsa, sipikala ina imakankha inzake ikukoka, kugunda konse n'kuthawa."

Koma kunyumba kwawo nyimbo zimamveka zopyapyala ngati zagona ndi njala. Mwana wawo wamkazi atabwera kudzawaona, anasuzumira kuseri kwa ampulifaya.

"Bambo, mawaya a kumanzerewa ngosemphana. Inu amene!"

"Usakhudze! Ndakutuma?"

Iwo anadziwa kalekale. Malemu akazi awo ndiwo anazula mawayawo tsiku lina pokolopa, n'kuwabwezera mosemphanitsa, atawapota bwinobwino ndi zala zawo.

Mwanayo atapita, a Mawailesi anakhala okhaokha n'kukweza voliyumu. M'nyumba monsemo, mawaya awiriwo okha ndiwo atsala momwe mayiwo anawasiyira.