Bwinja la pa chilumba cha miyala

Loweruka lapitali ndinakwera matatu, minibasi ya ku Nairobi kuno, kupita ku Umoja kukaona mnzanga wa ku Zomba amene wangochira kumene, mwana wamkazi. Mukudziwa mmene Nairobi amazizirira mu Julaye, koma ine ndinatuluka m'nyumba ku Parklands ndi kabulauzi kopepuka ngati ndikupita ku Nsanje. Potsika pa siteji mano anali akugundana. Mayi wina wogulitsa kaunjika, amene kuno amati mitumba, anandiona n'kundikodola.

"Mama, kuja ujaribu hii," anatero, kundiitana kuti ndiyese juzi imene anainyamula m'mwamba.

Inali juzi yolemera, ya ubweya wa nkhosa, yolukidwa ngati zingwe zopotana. Nditangoigwira ndinaima njo. Mayiyo ankayesa ndikufufuza pong'ambika. Sankadziwa kuti ine ndachoka kale pa Umoja, ndafika pa zilumba za Aran, kumadzulo kwa dziko la Ireland, kwawo kwa majuzi a mtundu umenewu.

Ndinapitako kamodzi kokha, ndili mtsikana, nthawi imene ndinkachita maphunziro m'dzikolo. Tinanyamuka pa boti m'mawa ndi anzanga a m'kalasi. Inu amene mumadzitama kuti simuopa madzi, dikirani kaye mukaonane ndi nyanja ya Atlantic. Mafunde ake amanyamula boti lonse n'kuliponya pansi. Ndinasanza mpaka kulonjeza Mulungu kuti akangondifikitsa pamtunda, ndibwerera kwathu ku Ntcheu ndipo sindidzasunthanso.

Nditaponda pa chilumba chachikulu mwa zilumbazo, lonjezo ndinaliiwala. Mwala, mwala, mwala okhaokha. Mitengo yochita kusaka. Kulikonse kumene diso lafika kuli mipanda ya miyala yosanjidwa popanda simenti, yogawa dziko m'timinda ting'onoting'ono ngati zigamba pa bulangete. Mphepo imangodutsa m'mipata ya miyalayo, mpanda osagwa.

Anzanga anabwereka njinga. Ine, nditatopa ndi boti lija, ndinakwera kangolo kokokedwa ndi hatchi. Woyendetsa anali bambo wachikulire, a Colm, masaya atafiira ndi mphepo. Kwa ine ankalankhula Chingerezi, koma kwa hatchi yawo ndi kwa anthu amene tinkakumana nawo ankalankhula chinenero cha makolo awo.

"Dothi ukulionali sitinalipeze," anandiuza. "Makolo athu ankasenza pamsana mchenga ndi ndere za m'nyanja, n'kumayala pathanthwe mpaka mbatata inamera."

Nditawauza kuti ku Ntcheu timalima mbatata yomweyo ndipo ena amangoitcha airishi, anaseka mpaka hatchi inacheuka.

Anandifikitsa kufupi ndi linga lakalekale la miyala, lomangidwa m'mphepete mwenimweni mwa phompho. Panalibe chotchinga chilichonse. Alendo ankagona chafufumimba n'kukwawa kuti asuzumire pansi, pamene nyanja inkamenya thanthwe n'kuchita thovu. Nanenso ndinakwawa, ndinasuzumira, n'kubwerera cham'mbuyo. Mpaka lero sindinaonenso malo oopsa ndi okongola nthawi imodzi ngati amenewo.

Koma chimene chinandibwerera pa Umoja si phompholo ayi.

Pobwerera, a Colm anaimitsa ngolo pa kanyumba kamiyala kopanda denga. Pamene kale pankayaka moto panali patamera udzu. Alendo awiri ankajambulana pakhomo.

"Amayi anga anabadwira umu," anatero a Colm. "Abale awo onse anakwera sitima kupita ku America. Ankalemba makalata kuti tikubwera chaka chamawa. Amene amabwera tsopano ndi adzukulu awo, makamera ali m'khosi. Njira ya kwawo amafunsa ine."

Kenako anandiyang'ana. "Nanga kwanu, nyumba ya bambo ako akuisunga ndani?"

"Amayi alipo," ndinayankha, osaganiza n'komwe. Iwo anangogwedeza mutu, n'kuuza hatchi kuti tiye.

Amayi anatisiya zaka zingapo zapitazo. Achimwene ali ku Joni, mng'ono wanga ali ku Lilongwe, ine ndili kuno. Nyumba ndi yokhoma, kiyi amasunga azakhali, alongo awo a bambo.

Chaka chatha ndinapita ndi ana anga awiri. Tinagona pa loji ya pa boma, poti ana sanazolowere chimbudzi cha panja. Tinafika kumudzi dzuwa lili paliwombo, aliyense ndi botolo lake la madzi. Tinakaona manda. Tinajambula mtengo wa pichesi umene bambo anabzala. Azakhali atatsegula chitseko, mwana wanga wamkazi anasuzumira n'kundifunsa m'Chingerezi ngati m'menemo munkakhaladi anthu.

"Wati chiyani mwanayu?" anafunsa azakhali.

"Akuti nyumba ndi yokongola," ndinanama.

Azakhali anaona kiyi wa galimoto amene ndinali ndisanamuike pansi chifikireni. "Mwatsala pang'ono kunyamuka eti? Paja mlendo ndi mame."

Mlendo. Ine, pakhomo pamene anakwirirapo mchombo wanga.

Ndipo sindili ndekha. Tikakumana a Malawi a kuno, pambuyo pa mapemphero kapena pa phwando la mwana, nkhani ndi ya kwathu. Timakumbuka mango a pakhomo, kwaya ya pa tchalitchi, njira ya kudimba. Tikamaliza kuusa moyo, wina amatulutsa foni kutionetsa puloti imene wapeza ku Kitengela, kufupi ndi Nairobi, wina maziko amene wathira ku Lilongwe. Ndani mwa ife anaonetsapo denga limene wakonza kumudzi?

Sindikudzudzula amene anachoka. Abale awo a mayi a Colm sanakwere sitima chifukwa chonyada. Anathawa umphawi, monga ifenso tinatsata ntchito ndi sukulu. Ndipo bwinja silibwera ndi chimphepo tsiku limodzi. Limabwera ndi mawu aja oti chaka chamawa, onenedwa ndi anthu abwino amene akunena zoona panthawiyo.

Mukadzapeza mpata wopita ku zilumba zimenezo, pitani ndithu. Mukaone linga, mukakwawe paphompho, mukamve chinenero chimene nyanja inathandiza kusunga. Koma mudziwe kuti chilumbacho chili moyo chifukwa ena anatsala, akumanganso mpanda ukagumuka, akulankhula ndi ana awo monga ankalankhulira makolo awo.

Lamlungu, titaweruka ku tchalitchi, ndinaimbira azakhali. Anandiuza kuti lata limodzi la kuchipinda kwa amayi layamba kutukuka, ndipo chiswe chagwira felemu ya zenera.

"Ndikubwera mvula isanayambe," ndinatero. "Ndipo ndidzagona momwemo."



"Ndi ana omwe?"

"Ndi ana omwe, azakhali."

"Ndiye ndiyambe kumatsegula mazenera, mutuluke fungo," anatero.

Ana sanakondwe nditawauza. Zimenezo tikathana nazo pofika.

Nanga inu, ulendo womaliza umene munapita kwanu, munagona kuti?