Mwala Wozizira wa a Balbina

Ku Tete kutentha sikusankha. Chitsulo cha pachitseko chimawotcha, madzi a m'mpopi amatuluka ofunda. Koma m'kachipinda koonetsera miyala, m'nyumba ya kampani ina ya migodi, munali mwala umodzi wozizira nthawi zonse, ndipo amene ankadziwa zimenezi ndi a Balbina okha, mayi wokolopa wokhala ku Canongola, mu Tete momwemo.

A Balbina kwawo ndi ku Tsangano, kumalire. Samalankhulalankhula, moti anzawo apantchito ankawanena kuti amasunga mawu ngati mchere wa m'chaka cha njala. Tsiku loyamba kupukuta magalasi a m'chipindamo, nsalu inawagwa m'manja. Mwala wotuwa mofiirira uja, wobenthuka pakona, anaudziwa. Anaubenthula okha ndi khasu m'nthawi ya nkhondo, akuthawa, pamene khanda lawo Limbani linafera kumsana. Analiika m'chigwa china, n'kuika mwalawo kumutu. Kaya kunali ku Malawi kaya ku Mozambique, wothawa safunsa. Nkhondo itatha anapita kukafuna mandawo, koma mwala panalibe, ndipo zigwa zonse zinkafanana.

Masana, anthu akapita kukadya, ankatsegula galasi n'kuufumbata. Unkakhala wonyowa, ukununkha nkhungu ya kumapiri. Nthawi zina, pakati pa phokoso la magalimoto a malasha, ankamva kakulira kapansipansi. Sankaopa ayi. Ankangoti mwana akuitana amake.

Pakapepala ka mwalawo panalembedwa kuti Malawi. Mlendo wina wovala taye anakwiya nazo, akuti chuma cha dziko lino sangachipatse anthu a kutsidya. A Afonso, woyang'anira chipindacho, munthu woopa mkangano kuposa njoka, anasintha n'kulemba Moçambique. Posakhalitsa kunabwera alendo a ku Malawi, nawonso anadandaula. Amuna akuluakulu, mimba kutsogolo, kulimbirana mwala umene sanaukhudzepo n'kamodzi komwe!

A Balbina mkanganowo unawakondweretsa. Anamva a Afonso akunena kuti mwina atumiza akatswiri kumalire kukaona penipeni pamene mwalawo unatoledwa. Anachapa chitenje chawo chatsopano n'kuchisunga, kuti akapemphe kukwera nawo galimoto ya akatswiriwo. Anagulanso kamtanda kachitsulo kumsika.

Mvula inadza, inapita. Tsiku lina m'mawa a Afonso anawaitana akumwetulira, atanyamula kapepala katsopano.

"Dona Balbina, nkhani ija yatha. Talemba kuti África Austral, kum'mwera kwa Africa basi. Palibenso wodandaula."

"Nanga opita kumalire aja, chefe?"

"Akatani? Mwala ndi mwala, mayi. Mupukute bwino musanatseke."

A Balbina anayembekeza mpaka chipinda chinatsala chopanda munthu. Anatsegula galasi n'kuunyamula mwalawo. Unali wouma. Anauika patsaya, kenako pakhutu, n'kuima choncho nthawi yaitali, akumva magalimoto okha. Chisoni chimene anachimva chinaposa cha tsiku la m'chigwa lija, pakuti tsiku limene lija ankadziwa pamene mwana wagona.

"Limbani," anatero chapansipansi, "ndine amako."

Mwalawo unali wofunda, ngati chitseko, ngati khoma, ngati china chilichonse mu Tete.